Momwe Mungachokere pa Ntchito Yoyambira N'kulowa m'Kampani ya Private Equity Yogula Nyumba Zamalonda

Achinyamata ambiri amene anaphunzira zachuma, zowerengera ndalama kapena za malo amadzamva za makampani a private equity ogula nyumba, amene amasonkhanitsa ndalama za eni mpamba n'kugula nyumba zamalonda kuti adzazigulitse ndi phindu, atayamba kale ntchito ina, ndipo akafufuza amapeza kuti makampaniwa salengeza kawirikawiri malo a ntchito, komanso salemba anthu ambiri ongochoka kumene ku yunivesite. Zimenezi n'zoona, koma khomo si lotseka. Ambiri mwa anthu amene akugwira ntchitoyi ku London, New York ndi Johannesburg anayambira kubanki, kwa maejenti ogulitsa nyumba, kwa akatswiri oyerekeza mitengo ya nyumba kapena ku makampani owerengera ndalama, ndipo chimene chinawalowetsa ndi luso limodzi. Anafika poti akhoza kutenga nyumba imodzi, kuwerenga mapangano ake a lendi, kunena mtengo woyenera kuigulira, n'kuuteteza mtengowo pamaso pa anthu amene akhala akugula nyumba kwa zaka zambiri. Malangizo onse ali m'munsimu ndi okuthandizani kufika pamenepo.

Choyamba, mvetsetsani kumene ndalama zimachokera ndi nthawi imene ziyenera kubwerera

Kampani ya mtunduwu sigula nyumba ndi ndalama zake zokha. Imakhazikitsa thumba la ndalama, n'kupita kwa eni mpamba akuluakulu, monga mabungwe osunga ndalama za penshoni, makampani a inshuwalansi, matumba a chuma cha maboma ngati a ku Singapore ndi Abu Dhabi, komanso mayunivesite olemera, kukawapempha kuti alonjeze kuikamo ndalama. Eni mpambawa amatchedwa ma LP, ndipo kampani yoyendetsa thumbalo imatchedwa GP. Thumba lotere limakhala zaka pafupifupi 10. Zaka zitatu mpaka zisanu zoyambirira zimakhala zogula nyumba, ndipo zotsalazo zimakhala zozikonza, kuzidzaza ndi ochita lendi ndi kuzigulitsa kuti ndalama zibwerere kwa eni ake. GP imalandira malipiro a chaka ndi chaka oyendetsera thumbalo, amene kawirikawiri amakhala pakati pa 1 ndi 2 peresenti, komanso gawo la phindu lotchedwa carry, limene pa matumba ambiri ndi 20 peresenti, koma gawoli limabwera pokhapokha eni mpamba atayamba alandira ndalama zawo pamodzi ndi phindu limene anagwirizana kuti likhale lawo poyamba, nthawi zambiri 8 peresenti pa chaka.

Kamangidwe aka ndi kamene kamalamulira kaganizidwe ka aliyense m'kampanimo. Kampani ya nyumba imene ili pa msika wa masheya, monga Growthpoint ku South Africa, Landsec ku Britain kapena MPICO kuno kwathu, ikhoza kusunga nyumba zaka makumi angapo ikungolandira lendi. Thumba la private equity silingatero, chifukwa lili ndi tsiku lomaliza, choncho nyumba isanagulidwe funso limakhala kale lakuti idzagulitsidwa kwa ndani, chaka chiti, ndiponso pa mtengo wanji. Aliyense amene anaonapo munthu akugula nyumba yosamalizidwa ku Area 25 kapena ku Machinjiri, n'kuifolera, kuikokera madzi ndi magetsi, kupeza wochita lendi kenako n'kuigulitsa, anaona kale mtima wa ntchitoyi. Kusiyana kwake n'kwakuti ndalamazo ndi zochuluka, theka lake kapena kuposerapo ndi ngongole ya kubanki, ndipo eni mpamba akuwerenga masiku.

Dziwaninso mitundu inayi ya kagulidwe, chifukwa pa intavyu adzakufunsani. Core ndi nyumba zabwino kale, zodzaza ndi ochita lendi odalirika, zogulidwa ndi ngongole yochepa, ndipo core-plus ndi zoterozo koma zofuna kukonza pang'ono. Value-add ndi nyumba zimene zili ndi vuto lotheka kulithetsa, monga zipinda zopanda anthu kapena lendi yotsika kuyerekeza ndi ya pamsika, pamene opportunistic ndi kumanga kuyambira pansi, kugula ngongole za eni nyumba amene alephera kubweza, kapena kugula kampani yonse. Nkhani imene muyenera kuidziwa bwino ndi ya Blackstone, kampani yaikulu ya private equity ya ku America, imene inagula kampani ya mahotela ya Hilton mu 2007 pa mtengo wa pafupifupi $26 biliyoni, chuma cha dziko lonse chitatsala pang'ono kugwa. Mtengo wa Hilton unatsika kwambiri, Blackstone inakambirana ndi oikongoza n'kukonzanso ngongoleyo mu 2010, inaika kampaniyo pa msika wa masheya mu 2013, ndipo pomwe inkagulitsa masheya ake omaliza mu 2018 inali itapeza phindu la pafupifupi $14 biliyoni. Mukaiwerenga nkhaniyi mosamala mudzaona kuti kugula pa nthawi yolakwika kunapulumutsidwa ndi kayendetsedwe ka mahotelawo ndi kakonzedwe ka ngongole, zimene ndi ntchito za anthu amene sadziwika kwambiri kunja.

Chachiwiri, yezani kutalika kwa mpando wanu ndi pamene malonda amachitikira

M'kampani iliyonse yotere muli magulu awiri akuluakulu. Gulu la acquisitions limafunafuna nyumba, kuziwerengera ndi kuzigula, pamene gulu la asset management limatenga nyumba ikagulidwa n'kuonetsetsa kuti zimene zinalembedwa pogula zikuchitikadi, kufikira tsiku loigulitsa. Achinyamata ambiri amangoyang'ana gulu loyambalo chifukwa ndi limene limatchuka, koma ine ndikulangiza kuti musalipeputse lachiwirilo. Khomo lake ndi lotakasuka, ndipo munthu amene wakhala zaka ziwiri akukambirana ndi ochita lendi, makontirakitala ndi mabanki amadziwa pamene manambala a pakompyuta amanama, chimene ndi chuma chachikulu akadzasamukira ku gulu logula.

Tsopano yang'anani ntchito yanu mosadzinyenga. Amene ali m'gulu loona za nyumba ku banki ya investment (yothandiza makampani kupeza mpamba ndi kuchita malonda akuluakulu), kapena m'gulu logulitsa nyumba zikuluzikulu ku Eastdil Secured, CBRE, JLL, Savills, Knight Frank kapena Cushman & Wakefield, ali pafupi kwambiri, chifukwa makampani a private equity ndi makasitomala ake ndipo amaona ntchito yake tsiku ndi tsiku. Amene akuyerekeza mitengo ya nyumba, ndi amene ali kubanki m'gulu lokongoza eni nyumba zamalonda, ali pafupi ndithu, ngakhale kuti woyerekeza mitengo ayenera kuphunzira za ngongole, ndipo wa kubanki ayenera kuzolowera kuganiza za phindu osati za chikole chokha. Amene ali pa ntchito yofufuza mabuku a makampani ku Deloitte, PwC, EY kapena KPMG, amene akuyang'anira nyumba ndi kutolera lendi, ndiponso amene akulemba malipoti a thumba kwa eni mpamba, ali kutali, ndipo kwa iwo ulendowu ndi wa masitepe awiri.

Ngati muli m'gulu lomalizali, musataye chaka chonse mukutumiza makalata ku makampani akuluakulu a private equity ngati Brookfield ndi Starwood Capital. Sitepe yanu yoyamba ndi kusamukira pa mpando umene umakhudza malonda, ndipo nthawi zambiri mpandowo uli m'kampani yanu yomweyo. Wofufuza mabuku apemphe kupatsidwa makasitomala a nyumba, kenako apemphe kusamukira ku gulu lothandiza pa kugula ndi kugulitsa makampani. Woyang'anira nyumba apemphe kuthandiza pokonza bajeti ya chaka ndi pokambirana mapangano atsopano a lendi, kenako afunefune mpando wa asset management kwa mwini nyumbazo. Kukhala chaka chimodzi ndi theka kapena zaka ziwiri pa mpando wapakati umenewu si kuchedwa. Chimene chimachedwetsa munthu ndi kukhala zaka zisanu pa ntchito yosakhudza malonda, chifukwa malipiro ake amakhala atakwera kuposa a analyst, wowerengera manambala a malonda pa mpando woyambira, pamene luso lake la analyst palibe.

Chachitatu, phunzirani manambala kufikira mutawanena popanda kompyuta

Pano ndi pamene muyenera kutherapo nthawi yambiri. Nambala yoyamba ndi NOI, kutanthauza lendi yonse ya chaka mutachotsapo ndalama zoyendetsera nyumbayo zimene mwini wake sangazibweze kwa ochita lendi, koma musanachotsepo chiwongoladzanja. Mukagawa NOI ndi mtengo wa nyumba mumapeza chimene ku Britain ndi ku South Africa amati yield, ku America amati cap rate. Tiyeni titenge chitsanzo cha manambala ongoyerekeza, ndipo tisiye kaye misonkho ndi malipiro a maloya pofuna kuti njirayo ioneke bwino.

Thumba lagula nyumba ya maofesi pa £10 miliyoni, ndipo NOI yake ndi £600,000, choncho yield ndi 6 peresenti. Banki yakongoza £6 miliyoni pa chiwongoladzanja cha 5.5 peresenti, kutanthauza £330,000 pa chaka, ndipo thumba laikapo £4 miliyoni. Chaka choyamba ndi chachiwiri thumba likutsala ndi £270,000. Nyumbayo ili ndi nsanjika imodzi yopanda anthu, ndipo itadzaza NOI ikukwera kufika £700,000 m'chaka chachitatu, kenako £750,000 m'chaka chachinayi ndi chachisanu, motero thumba likutsala ndi £370,000, kenako £420,000 kawiri. Pakutha pa zaka zisanu, wogula wina akavomera yield yomweyo ya 6 peresenti, nyumbayo igulitsidwa pa £12.5 miliyoni, banki ibwezeredwa £6 miliyoni zake, ndipo thumba litenga £6.5 miliyoni. Mukaphatikiza zonse, thumba lalandira £8.25 miliyoni pa £4 miliyoni zimene linaika, kutanthauza kuti ndalama zabwera kawiri ndi pang'ono, ndipo IRR, imene ndi phindu la pa chaka lowerengera nthawi imene ndalama iliyonse inalowa ndi kutuluka, ndi pafupifupi 17 peresenti.

Tsopano sinthani chinthu chimodzi chokha. Tinene kuti pa nthawi yogulitsayo ogula akufuna yield ya 7 peresenti. Nyumba ndi yomweyo, ochita lendi ndi omwewo, NOI ndi £750,000 yomweyo, koma mtengo watsika kufika pafupifupi £10.7 miliyoni. Banki itengabe £6 miliyoni zake zonse, choncho kutsikako kwagwera thumba lokha, ndipo IRR yatsika kufika pafupifupi 11 peresenti. Izi si nthano ya m'kalasi. Bank of England inakweza chiwongoladzanja chake kuchoka pa 0.1 peresenti mu 2021 kufika pa 5.25 peresenti mu 2023, ndipo chiwongoladzanja chikakwera chonchi ogula nyumba amafuna yield yokwera, moti eni nyumba ambiri amene anadzaza zipinda zawo bwinobwino anapezekabe kuti mtengo wa nyumba zawo watsika. Munthu amene akhoza kufotokoza zimenezi ndi pensulo ndi pepala, n'kusonyeza kuti ngongole imakulitsa phindu komanso imakulitsa kutaya, wamvetsa zambiri kuposa amene waloweza mayina a matumba.

Mukamvetsa izi, tsegulani Excel n'kumanga model yanu, kutanthauza matebulo owerengera ndalama za nyumba ngati za m'chitsanzochi, kuyambira pa tsamba lopanda kanthu. Ikani manambala oyerekeza pa tsamba lawolawo, kenako ndalama zolowa ndi zotuluka mwezi ndi mwezi kapena miyezi itatu iliyonse, kenako ngongole, kenako phindu ngongole isanawerengedwe ndi itawerengedwa, ndipo pomaliza tebulo losonyeza zimene zimachitika yield yogulitsira ndi lendi zikasintha. Mukatha, imangeninso popanda kuyang'ana yoyambayo, ndipo muzibwereza kufikira mutamaimaliza m'ola limodzi. Pambuyo pake onjezani kagawidwe ka phindu pakati pa LP ndi GP, kotchedwa waterfall, kamene kamagwetsa anthu ambiri pa mayeso. Kutenga model imene wina anamanga n'kumangosintha manambala sikuphunzitsa kanthu, chifukwa pa mayeso adzakupatsani tsamba loyera. Pulogalamu ya ARGUS Enterprise, ya kampani ya Altus Group, imagwiritsidwa ntchito kwambiri powerengera nyumba zokhala ndi ochita lendi ambiri, ndipo ngati kampani yanu ili nayo pemphani chilolezo choigwiritsa ntchito, koma musawononge ndalama zanu pa iyo musanalimbe pa Excel.

Chachinayi, werengani mapangano a lendi ndipo kaoneni nyumba ndi maso

Manambala onse a pamwambawa amachokera m'mapangano a lendi, ndipo achinyamata ambiri odziwa Excel sanawerengepo pangano limodzi lonse. Pemphani mapangano awiri kapena atatu kuntchito kwanu, muwawerenge kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, n'kulemba pa pepala limodzi tsiku limene panganolo likutha, tsiku limene wochita lendi ali ndi ufulu wochoka nthawi isanakwane, miyezi imene anapatsidwa yosalipira lendi, mmene lendi imakwerera, ndi amene akonze denga likadontha. Ku England mapangano ambiri a nyumba zamalonda amasenzetsa wochita lendi udindo wokonza nyumba ndi kulipira inshuwalansi, ndipo mwambo wakhala woti lendi iunikidwenso zaka zisanu zilizonse, pamene ku South Africa lendi imakwera chaka ndi chaka ndi peresenti imene inalembedwa m'panganomo. Ku England komweko lamulo la Landlord and Tenant Act la 1954 limapatsa wochita lendi ufulu wopempha pangano latsopano lakale likatha, pokhapokha ngati anagwirizana kuchotsa ufuluwo, ndipo thumba limene likufuna kugumula nyumba n'kumanga ina liyenera kudziwa zimenezi lisanalipire. Dziwaninso kuti kumeneko ogula nyumba zikuluzikulu amawonjezera pafupifupi 6.8 peresenti pa mtengo chifukwa cha msonkho wa stamp duty ndi malipiro a maloya ndi maejenti, ndipo yield imawerengedwa ndalamazi zitaphatikizidwa. Wofunsira ntchito ku London amene waiwala nambala imeneyi amadziulula yekha kuti sanakhalepo pafupi ndi malonda.

Kenako tulukani muofesi. Imani kunja kwa nyumba yosungiramo katundu m'mawa, muone ngati galimoto yaikulu ikutha kutembenuka pabwalo popanda kubwerera kawiri, muyang'ane kutalika kwa denga ndi kuchuluka kwa zitseko zotsitsira katundu. Lowani m'shopping mall tsiku la pakati pa sabata masana, muwerenge mashopu otsekedwa ndi amene aphimbidwa ndi zikwangwani zokongola pofuna kubisa kuti mulibe munthu, muone ngati anthu akutuluka ndi majumbo kapena akungodutsa. Zinthu zoterezi sizilembedwa m'kabuku ka wogulitsa, ndipo mukazitchula pa intavyu wofunsayo amadziwa kuti mumaona nyumba ngati nyumba, osati ngati mzera wa manambala.

Chachisanu, konzani umboni wa zimene mungathe

Lembani tsamba limodzi la malonda onse amene mwakhudzapo, ndipo pa alionse munene mtundu wa nyumba, dera, kukula kwa ndalama ndi chimene inuyo munachita ndi manja anu. Musadzitamandire ntchito ya gulu lonse, chifukwa mafunso awiri okha adzakuvulani. Sungani chinsinsi cha abwana anu ndi makasitomala awo, ndipo pa malonda amene sanalengezedwe musatchule dzina la nyumba kapena la wogula. Makampaniwa amaona kusunga pakamwa ngati mbali ya ntchito, choncho wonyamula mafayilo a kuntchito kwake kupita nawo ku intavyu wadzichotsa yekha pa mndandanda.

Ngati simunakhudzepo malonda alionse, pangani anu. Makampani a nyumba amene ali pa msika wa masheya amasindikiza malipoti a chaka amene aliyense angawapeze pa intaneti, ndipo a makampani ngati Segro, British Land, Growthpoint ndi Redefine amafotokoza zambiri za lendi, zipinda zopanda anthu ndi mitengo. Sankhani nyumba imodzi imene mungathe kukaiona, musonkhanitse zimene zikudziwika poyera, mulembe momveka zimene mwangoyerekeza, n'kukonza lipoti la masamba atatu kapena anayi lonena mtengo umene mungagulire, zimene mungachite ndi nyumbayo, amene angadzaigule, ndi zinthu zitatu zimene zingawononge dongosololi. Lipotilo lithe ndi chiganizo chanu chomveka, kugula kapena kusagula. Lipoti lonena kuti nyumbayo isagulidwe pa mtengo umene akuitanitsa, lokhala ndi zifukwa zolimba, limakopa kwambiri kuposa loyamikira chilichonse.

Chachisanu ndi chimodzi, mapepala a maphunziro

Pa nkhani ya mapepala sindichedwapo, chifukwa ambiri a ife timawakhulupirira mopitirira muyeso. Ku Britain kukhala membala wa RICS, bungwe la akatswiri a za malo ndi nyumba, kumalemekezedwa, ndipo kwa wongomaliza digiri yovomerezeka kumafuna miyezi yosachepera 24 ya ntchito yoyang'aniridwa, choncho amene anayamba kale njirayi aimalize asanasamuke. CFA, satifiketi ya akatswiri a zachuma, ili ndi magawo atatu a mayeso ndipo imathandiza amene digiri yake si ya zachuma, koma siilowa m'malo mwa malonda. Digiri yachiwiri ya za nyumba ku Reading, Cambridge, LSE kapena Bayes Business School, ngakhalenso ku UCT, Wits kapena Pretoria, ndi yothandiza makamaka kwa amene akusintha dziko kapena akuchokera ku ntchito yosiyana kotheratu, chifukwa imamufikitsa pafupi ndi olemba ntchito. Ndi yodula kwambiri, choncho musanalipire funsani sukuluyo kumene ophunzira a chaka chatha akugwira ntchito. Amene akuganiza za thandizo la maphunziro la boma la Britain lotchedwa Chevening akumbukire kuti limafuna kuti munthu abwerere kwawo kwa zaka ziwiri akamaliza. Malamulo a viza a ku Britain amasintha kawirikawiri, ndipo makampani ang'onoang'ono ambiri alibe chilolezo cholembera anthu ochokera kunja, motero wofuna viza amakhala ndi mwayi waukulu kwa maejenti akuluakulu ndi mabanki poyamba.

Chachisanu ndi chiwiri, dziwanani ndi anthu ntchito isanalengezedwe

Malo ambiri m'makampaniwa amadzazidwa kudzera mwa makampani ofunira anzawo antchito, kapena kudzera mwa munthu amene mkulu wina anamuona akugwira bwino ntchito pa malonda ena. Choncho munthu woyamba kumusamala ndi analyst wa thumba amene amakuimbirani foni kufunsa manambala. Muyankheni msanga ndi molondola, chifukwa mpando ukadzatseguka iye ndi amene adzafunsidwe ngati akudziwa wina. Lowani m'mabungwe ngati Urban Land Institute, amene ali ndi magulu a achinyamata, kapena SAPOA, bungwe la eni nyumba zamalonda, ngati muli ku South Africa, ndipo muziwerenga nkhani za m'magazini a PERE ndi Property Week kuti mudziwe amene wangomaliza kusonkhanitsa thumba latsopano, popeza kampani yotero ndi imene ikufuna anthu. Mukalembera munthu pa LinkedIn, musapemphe ntchito ndipo musayambe ndi mbiri ya moyo wanu. Tchulani nyumba imene kampani yake inagula, funsani funso limodzi lenileni, n'kupempha mphindi khumi ndi zisanu.

Musanyoze makampani ang'onoang'ono. Ku London kuli makampani apakati monga Tristan Capital Partners, Patron Capital ndi Henderson Park, ndipo pansi pawo pali ena ambiri a anthu khumi kapena makumi awiri amene amagula nyumba mogwirizana ndi matumba akuluakulu. Pa kampani yotero wachinyamata amakhala nawo pa zokambirana ndi banki ndi maloya m'chaka chake choyamba, chimene pa kampani yaikulu angachidikire zaka zingapo.

Chachisanu ndi chitatu, intavyu ndi mayeso

Kawirikawiri mudzakumana ndi anthu angapo, kenako mudzapatsidwa mayeso omanga model m'maola ochepa, kapena kabuku ka nyumba koti mukakawerenge kunyumba n'kubwera ndi chiganizo. Pa mayesowo yambani ndi kumaliza model yosavuta imene ikugwira ntchito, kenako muziikongoletsa nthawi ikatsala, ndipo musanapereke yerekezani yankho ndi masamu a pamutu kuti muone ngati likumveka. IRR ya 60 peresenti pa nyumba wamba ya maofesi ndi chizindikiro choti penapake palakwika. Konzekeraninso funso lakuti mutapatsidwa ndalama lero mungagule nyumba za mtundu wanji ndiponso kuti, ndipo yankho lanu likhale ndi dera, mtengo ndi chifukwa.

Pali chinthu china chimene chimatigwetsa ife amene tinaleredwa kuti wamkulu satsutsidwa pamaso. Wofunsa adzatsutsa nambala yanu mwadala, mwina adzanena kuti lendi imene mwayerekeza ndi yokwera kwambiri, ndipo cholinga chake ndi kuona ngati mugwedezeka. Mukangovomera mwaulemu n'kusintha nambalayo, iye amamva kuti simunaikhulupirire kuyambira pachiyambi. Yankhani modekha, nenani nyumba zoyandikana nazo zimene mwatengerako nambalayo, sonyezani zimene zingachitike ngati iyeyo akulondola, ndipo musinthe maganizo pokhapokha atakupatsani chifukwa chenicheni. Ulemu ukhale m'mawu anu, koma nambala muiteteze, chifukwa ntchito ya analyst ndi kuuza abwana zoona ndalama za eni ake zisanatuluke.

Ngati muli ku Malawi kapena ku Zambia

Matumba a private equity ogula nyumba ndi ochepa kwambiri m'chigawo chathu, ndipo eni nyumba zikuluzikulu zamalonda ku Blantyre ndi ku Lilongwe ndi makampani ngati MPICO ndi ICON Properties, amene ali pa Malawi Stock Exchange, pamodzi ndi mabungwe a penshoni ndi inshuwalansi. Amene anaphunzira za malo ku MUBAS kapena ku Mzuzu University akhoza kuyambira kumeneko, kapena kwa oyerekeza mitengo monga Knight Frank, ndipo luso lowerenga mapangano ndi kuwerengera nyumba ndi lomwelo. Matumba amene amagula ndi kumanga nyumba m'maiko a mu Africa amayendetsedwa makamaka kuchokera ku Johannesburg, Cape Town, Nairobi, Mauritius ndi London. Mwachitsanzo, kampani ya Actis, imene inapatuka ku bungwe la boma la Britain la CDC mu 2004, inaika ndalama pomanga Accra Mall ku Ghana, Ikeja City Mall ku Lagos ndi Garden City ku Nairobi.

Kwa makampani oterewa muli ndi chidziwitso chimene wophunzira ku London alibe, ndipo muchigwiritse ntchito. Thumba limalandira mpamba m'madola ndipo liyenera kubweza madola, pamene wochita lendi amagulitsa katundu wake m'ndalama ya dziko lake. Mu November 2023 kwacha ya Malawi inagwetsedwa mphamvu, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, kutanthauza kuti lendi yolipidwa m'makwacha inataya pafupifupi 30 peresenti ya mtengo wake m'madola usiku umodzi. Kulemba lendi m'madola sikuthetsa vutoli, kumangolisamutsira kwa wochita lendi amene angalephere kulipira, monga zinachitikira m'mashopu ambiri a ku Nigeria naira itagwa mu 2016. Onjezanipo funso lakuti madolawo apezeka kubanki kapena ayi pa tsiku lotumiza phindu kunja, mtengo wa dizilo wa jenereta magetsi akazima, ndi zaka zimene zatsala pa lisi ya malowo, ndipo model yanu idzakhala ndi mizera imene wofunsayo sanaione kwa ofunsira ena.

Musanasainire kalata ya ntchito

Mukapatsidwa ntchito, funsani mafunso anu musanavomere. Funsani kuti thumba limene likugwira ntchito panopa linasonkhanitsidwa chaka chiti, ndalama zingati mwa zolonjezedwa sizinagwiritsidwebe ntchito, ndiponso ngati kampani yayamba kusonkhanitsa thumba lotsatira. Funsani kuti m'miyezi 12 yapitayi agula nyumba zingati, kuti anthu amene anakhalapo pa mpandowo anapita kuti, komanso kuti carry imayamba kuperekedwa pa udindo uti ndipo munthu akachoka imatsala m'manja mwa ndani. Musayike mtima pa carry m'zaka zoyambirira, chifukwa imalipidwa thumba likamatha ndipo pa matumba ena siibwera n'komwe, choncho yerekezani ntchito ziwiri potengera malipiro a mwezi, bonasi ndi kuchuluka kwa malonda amene mudzawakhudze. Kampani imene ndalama zake zogulira zatsala pang'ono kutha ndipo ilibe thumba latsopano idzakupatsani dzina la analyst wa acquisitions, koma mudzakhala mukugulitsa nyumba zakale ndi kulemba malipoti, ndipo ngati zili choncho ndi bwino kudikira miyezi ina pa ntchito yanu kufikira itapezeka kampani imene yangolandira mpamba.